Makava a Mpando Wakumbuyo

Kunyumba kwawo onse ankamuitana kuti Mzime chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa. Dzinali linamumatirira moti ngakhale bwenzi lake linkamuitana choncho. Nayenso mnyamatayo anali ndi lake. Mkulu wake wa Mzime atangomuona koyamba akuwerama polowa pakhomo la tchalitchi, anamutcha Wamtali, ndipo dzinalo silinachokenso.

Lachitatu masana, Wamtali anaima panja pa famase, sitolo ya mankhwala yomwe Mzime ankagwirako ntchito, ali pa galimoto yomwe mtsikanayo anali asanaionepo. Inali yaitali, yakuda, yoyenda mwakachetechete ngati mphaka. Mzime atatsegula chitseko anayamba waima kaye. Mipando yake inali yachikopa choyera ngati mkaka, yopanda ngakhale kakwinya.

"Lowa, siluma," anatero Wamtali akuseka. "Ndi ya mayi. Yangofika kumene."

Mzime anasasa siketi yake kumbuyo n'kukhala mwaulemu ngati mlendo, chikwama chili pamiyendo.

Chibwenzi chawo chinali chitapitirira chaka. Mayi a Wamtali, mayi wamasiye wokhala ndi nyumba zalendi komanso mathiraki, ankamupatsa Mzime moni wa kunsonga kwa zala. Sanamunyozepo poyera. Ankangomufunsa funso limodzimodzi nthawi zonse, lakuti bambo ake amagwira ntchito yanji, ngati kuti tsiku lina yankho lidzasintha. Yankho linali lomwelo: amapenta nyumba. Tsopano Loweruka likubweralo makolo a mbali zonse ziwiri anali oti akumana koyamba pa chakudya chamasana kunyumba kwa mayiwo.

"Galimoto imeneyi ndi yomwe idzatenge Bambo ndi Mayi kwanu Loweruka," anatero Wamtali akulowa mumsewu. "Koma ikufunika makava a mipando. Ndinati ndikutenge, iwe uli ndi diso."

"Anena okha mayi ako kuti ndisankhe ine?"

"Anena kuti agulidwe lero."

Wamtali anakweza wailesi pang'ono. Mzime anangomva zomwe mtima wake unkafuna kumva. Anayang'ana kunja akumwetulira, akudziuza kuti munthu sungamupatse ntchito yotere ngati sunamuwerengere kuti ndi wapakhomo.

*

Shopu yogulitsa zokongoletsera magalimoto inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Mzime atangoona yemwe anali pakauntala, kumwetulira kuja kunazima. Anali mwana wa mwini shopuyo, mtsikana yemwe anakhalapo pachibwenzi ndi Wamtali, ndipo makolo ake anali anzawo apamtima a mayi a Wamtali. Mzime ndi mkulu wake ankamutchula kuti Wazikhadabo, chifukwa zikhadabo zake zinkayamba kufika iye asanafike.

"Tiwaone anthu osowa," anatero Wazikhadabo, akumugwira Wamtali pamkono nthawi yaitali kuposa ya moni. Kenako anatembenukira Mzime. "Asisi, takulandirani. Mwanenepatu."

Anayala zitsanzo pakauntala. Panali makava achikopa osokedwa motsatira mpando, ena ansalu yofewa ngati bulangete la khanda, ena aubweya omwe amatenthetsa msana, ndi ena akuda, olimba ngati lona wophimbira katundu. Mzime anatsimikiza mumtima kuti samupatsa mnzakeyo mpata womuseka. Anawagwira amodziamodzi. Anafunsa ngati ofewawo sasuluka pochapa, ngati saterera munthu akakhalapo, ngati ali ndi mipata ya malamba. Pomaliza anaika dzanja pa ofewa a mtundu wa tiyi wamkaka.

"Awa agwirizana ndi m'kati muja. Mutipatse a mipando yonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe."

Wazikhadabo anagogoda kauntala ndi chikhadabo chimodzi.

"Ndi okongoladi. Koma mwina simunamvane bwinobwino. Mayi ake a mnzanuyu anaimba m'mawa. Akufuna a kumbuyo kokha."

"Kumbuyo kokha?"

"Eya. Osalowa madzi, osalowa mafuta, osavuta kuvula. Akuti ndi a Loweruka lokha, Lamulungu achotsedwa." Anakweza nsidze ngati munthu wosadziwa kanthu. "Ine ndimayesa mukanyamula zitini. Koma akuti ayi, kudzakwera anthu a penti."

Mushopumo munali bambo wina wogula babu la galimoto, ndi mayi wina yemwe ankasankha zonunkhiritsa. Onse anamva. Mzime anayang'ana Wamtali. Mnyamatayo anali atanyamula botolo la polishi, akuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake ngati mayeso. Sanadabwe ngakhale pang'ono, ndipo Mzime anadziwa pompo kuti ankadziwa zonse.

Akanatha kutuluka. Akanatha kumuuza Wazikhadabo kuti bambo ake amasamba ngati munthu wina aliyense. Koma m'maso mwake munabwera benchi ya pakhonde kwawo, yodzaza madontho obiriwira ndi oyera pomwe bambo ake ankakhala akaweruka. Munabwera chogwirira cha chitseko chawo, kapu yawo ya tiyi, ngakhale sopo wa kubafa, zonse zili ndi chizindikiro cha ntchito yawo. Kenako munabwera mpando woyera uja, ndi nkhope ya mayi a Wamtali ataweramira pampandopo. Mantha anamugwira kuposa mkwiyo. Dzanja lake linachoka pa ofewa aja n'kupita pa akuda.

"Tipatseni awa."

"Mwasankha bwino, asisi," anatero Wazikhadabo akuwapinda. "Inu ndi amene mukuwadziwa okwerawo."

*

Anatuluka pashopupo makava atavekedwa kale. Kutsogolo kunali koyera mbee, kumbuyo kuli bii. Fungo la labala linadzaza galimoto yonse.

"Unkadziwa," anatero Mzime atayenda mtunda ndithu.

"Ndinkadziwa kuti mayi akufuna makava."

"Usandiyankhe ngati uli kukhoti. Unkadziwa chifukwa chake."

Wamtali anapumira m'mwamba. "Mayi ankafuna kutumiza lole yaing'ono ija, yonyamulira simenti. Tinakangana mpaka ndinatuluka m'nyumba osadya. Makavawa ndi pomwe tinagwirizana. Ndinaganiza kuti ukasankha iweyo adzakhala okongola, a mipando yonse, ndipo palibe adzadziwe kanthu. Sindinadziwe kuti aimbiratu foni."

"Ndiye unanditengera kwa mkazi wako wakale kuti akandiuze pagulu kuti bambo anga ndi litsiro."

"Sananene choncho."

"Ukumuikira kumbuyo?"

"Sindikumuikira kumbuyo. Mayi amagula kumeneko basi, ndikanapita kwina akanafunsa." Kenako ananena motsitsa mawu. "Komatu akudawo sindinasankhe ine."

Mzime anayang'ana zala zake. Atafika pamphambano pomwe pali kashopu ka buledi, anagwira chotsegulira chitseko.

"Nditsitse pano."

"Ndikakusiye pageti."

"Pano pali bwino."

Wamtali anaimika galimoto koma sanazimitse. "Mzime, chiyambire chibwenzi chathu ndimakutsitsa pano. Bambo ako ndinakumana nawo kutchalitchi, mayi ako kuchipatala. Pakhomo panu sindinapondepo. Ndalakwa lero, sindikukana. Koma usandiuze kuti ndi mayi anga okha amene amaopa penti."

Mzime anatsika osatsanzika. Anayenda atawerama, akumva ngati aliyense wa mumsewumo anali mushopu muja.

*

Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, beseni lamadzi ofunda lili pakati pa miyendo, akukwecha zikhadabo ndi mswachi wakale. Mayi ake anali m'nyumba akusita diresi lawo labuluu, ndipo jekete ya bambo inali itapachikidwa pachitseko kuti ituluke fungo la m'sutikesi.

"Wabwera dokotala wathu," anatero bambowo. Ankamutchula choncho kuyambira tsiku lomwe anayamba ntchito kufamase. "Tabwera uone. Ukuona bwanji, manja awa angagwire foloko ya anthu olemera?"

Anawatambasula. Khungu linali litafiira ndi kukwecha. M'mbali mwa chala chachikulu munali mukadali kamzere koyera.

"Ali bwino, Bambo."

"Akunama uyu, mayi ake," anafuula moseka cha kukhomo. "Koma pofika Loweruka adzakhala ngati a m'busa. Ntchito ya Lachisanu ndaikana. Mwini nyumba uja wadandaula, ine ndamuuza kuti khoma silithawa, koma mpongozi amathawa."

Mayi anaseka m'nyumbamo. Mzime anayesa kuseka nawo, koma zinamukanika.

"Akuti kubwera galimoto kudzatitenga?" anafunsa bambowo. "Yotani?"

"Yakuda. Yatsopano."

"Ndiye mayi ameneyo ndi munthu waulemu. Anthu ambiri akapeza bwino salola n'komwe kuti utsamire galimoto yawo. Ndikamuthokoze bwinobwino." Anabwezera manja m'beseni. "Watichotsa manyazi, mwana wanga."

Mzime analowa kuchipinda mothamanga, n'kukhala pabedi nsapato zili kuphazi. Mkulu wake, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi chibwerereni ku banja lomwe linatha, anamulondola n'kutseka chitseko.

"Wakutani Wamtali?"

Mzime anafotokoza zonse, monong'ona. Za foni ya mayi aja, za Wazikhadabo, za anthu omwe anamva. Atafika pa makava akuda anazengereza, koma ananena.

Mkulu wakeyo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Za mayi olemerawo sindikudabwa. Za wazikhadabo zakeyo ndiye n'zachidziwikire, akufuna mwamuna wake abwerere. Koma iwe, Mzime? Manja omwewo ndi amene anakulipirira sukulu."

"Ndikudziwa, asisi."

"Sukudziwa. Ukanadziwa ukanamuponyera lonayo kumaso." Anakhala pambali pake, mawu ake n'kufewa pang'ono. "Bambo asamve zimenezi. Akamva sapita, ndipo sadzakuuza chifukwa chake. Adzangoti mwendo ukuwawa."

Foni inalira. Unali uthenga wa Wamtali: "Pepa. Zija ndinanena pamphambano sindinayenere kunena."

Mzime anaufufuta. Unabwera wina: "Ndiyankhe chonde, ngakhale kunditukwana."

Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza anatumiza kuti: "Loweruka udzafike pageti. Koma ukabwera ndi makava aja, usabwere."

Yankho silinachedwe. "Ndiwachotsa."

"Mayi ako uwauza chiyani?"

"Zimenezo undisiyire."

*

Loweruka kunacha kotentha. Bambo anatuluka m'mawa osanena komwe akupita, ndipo atabwerera, mayi anaika manja kukamwa. Imvi zonse zinali zitapita. Tsitsi lawo linali lakuda bii, lonyezimira ngati nsapato yopolishidwa.

"Ometa uja anati imvi zimandikalambitsa," anatero akudzigwira pamwamba pa khutu mwamanyazi. "Akuti mankhwala ake ndi otchipa koma amphamvu. Ndisakaoneke ngati agogo ake a mkwatibwi."

"Mwabwerera unyamata, Bambo," anatero mkulu wake wa Mzime. "Mayi, samalani, akakulandani kumeneko."

Galimoto inafika pageti dzuwa lili pamutu. Anthu oyandikana nawo anasuzumira m'mawindo. Wamtali anatsika, nawerama pogwirana chanza ndi bambo, dzanja lina litagwira chigongono. Mzime anaponya diso kumbuyo. Mpando unali woyera mbee. Anayang'anana ndi Wamtali, ndipo koyamba chichokereni kushopu kuja mtima wake unakhala pansi.

"Bambo, khalani kutsogolo," anatero Wamtali.

"Ayi mwanangu, kutsogolo n'kwa inu achinyamata. Ine ndikhala ndi mkazi wanga kumbuyo ngati nduna."

Poyamba bambowo anakhala chowongoka, manja ali pamawondo, osafuna kukhudza kanthu. Mzime anawaona pagalasi, ndipo zinamupweteka.

"Tsamirani, Bambo," anatero. "Mpandowo ndi wanu."

"Zoona, khalani momasuka," anawonjezera Wamtali.

Bambowo anatsamira pang'onopang'ono, mutu n'kufika pa chotsamira. Anatseka maso akumwetulira. "Mayi ake, anthu ena akudziwa kukhala pa dziko lino."

Bambowo anapempha kuti makina oziziritsa m'galimoto azimitsidwe chifukwa ankawatsokomoletsa mayi, ndipo anatsegula mawindo. Msewu unali wodzaza, galimoto zikuyenda ngati maliro. Bambo anatuluka thukuta m'jekete yawo, koma sanadandaule. Anacheza ndi Wamtali njira yonse, akumuonetsa nyumba zomwe anapentapo, ndi ina yomwe mwini wake anaumirira mtundu wa pinki mpaka mkazi wake anamuthawa. Wamtali anaseka mpaka misozi. Mzime anamvetsera anthu awiriwa akugwirizana, akudzifunsa chomwe ankabisa nthawi yonseyi pamphambano paja.

*

Geti linatseguka lokha. Nyumba inali yosanja, yokhala ndi masitepe aakulu kutsogolo. Pamwamba pa masitepewo panaima mayi a Wamtali atavala zoyera, ndipo pambali pawo, atanyamula thireyi ya matambula ngati mwana wapakhomo, panali Wazikhadabo.

"Uyu akutani kuno?" ananong'ona Mzime.

"Sindikudziwa," anayankha Wamtali, nkhope itagwa. "Ndikulumbira, sindikudziwa."

Mzime anatsika msanga kukawatsegulira makolo ake. Mayi anatuluka, akukonza diresi. Bambo anatuluka pambuyo, akumanga batani la jekete. Mzime atati atseke chitseko, anachiona. Pa chotsamira mutu panali chibanga chakuda, chachikulu ngati chikhatho, ndipo mizere iwiri inali itatsetsereka ndi thukuta mpaka pamsana pa mpando.

Mzime anakankha chitseko n'kuima kutsogolo kwa windo, koma windolo linali lotsegula, ndipo mayi a Wamtali anali atatsika kale masitepe. Maso awo sanali pa alendo. Anali pa galimoto.

"Takulandirani," anatero, osaima. Anafika pomwe panali Mzime. "Tasuntha pang'ono, mwanawe."

Mzime anasuntha. Mayiwo anasuzumira m'katimo nthawi yaitali. Atawongoka, sanakweze mawu.

"Makava aja ali kuti?"

"Ndinawachotsa ine, Mayi," anatero Wamtali. "Tikambirana nthawi ina. Alendo aima padzuwa."

"Ndinakuuza kuti chiyani?"

Bambo a Mzime anali atatambasula kale dzanja kuti apereke moni, akumwetulirabe. Anayang'ana mayiwo, anayang'ana mpando, kenako kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Anapititsa dzanja lija kunkhongo. Atalibweza, zala zinali zakuda. Analiyang'ana, n'kulilowetsa m'thumba la jekete.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Ndi mankhwala a tsitsi. Sindinadziwe. Ndikonzetsa, mungondiuza komwe amakonza."

"Chikopa chotere sichikonzeka, bambo," anayankha mayiwo. "N'chifukwa chake tinagula makava a ulendo wa lero."

"A ulendo wa lero," anabwereza bambowo, ngati akuyesa kulemera kwa mawuwo. Mkazi wawo anawagwira pamkono.

"Mayi, chonde," anatero Wamtali.

Wazikhadabo anali atatsika ndi thireyi yake. Analankhula mofatsa, ngati munthu wofuna kuyanjanitsa anthu.

"Musawaimbe mlandu Mayi okha, bambo. Aliyense ankangofuna kuti zinthu ziyende bwino. Ngakhale mwana wanuyu anaona kuti m'pofunika. Ndinamuonetsa ofewa okongola, iye anasankha yekha akuda aja, osalowa penti."

Mzime anamva matambula akugundana pathireyi, ndi geti likudzitseka kumbuyo kwawo. Mayi a Mzime anayang'ana pansi.

Bambowo sanawayang'anenso mayi a Wamtali, ngakhale mtsikana wa thireyi uja. Anatembenuka thupi lonse n'kuyang'ana mwana wawo. Kadontho kakuda kanali kakutsika kuseri kwa khutu lawo kulowera mu kolala ya shati yoyera. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, ndipo Mzime analakalaka ukanakhalapo.

"Mzime," anatero motsitsa, osati dokotala wathu. "Unasankha ndiwe?"